Nyumba Imene Mama Casilda Anaisokera Siketi

Mama Casilda Yucra ndawadziwa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndikuwerenga kuyambira tsiku limene a Serapio Canaza anabwera nawo kuno kuchokera kutsidya kwa mtsinje wa Ramis. Mwamuna anali m'mbuyo atabereka makina osokera, mkazi ali patsogolo chimanjamanja, akuyang'ana minda yathu ngati wabwera kudzagula. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, ndiye kukometsa nkhani sindidziwa. Ndilemba zimene ndinaona, ndipo pamene ndinalakwa ine ndinenanso.

Nyumba yawo yogona tinamanga awiri, ine ndi a Serapio, chaka chomwecho. Ndi putuko, ngati za makolo athu. Timadula nthaka ya msipu ndi mizu yake yomwe, zidutswa zazikulu zimene timazitcha champa, n'kumazisanja udzu uli pansi. Mtengo sulowapo, msomali ayi, lata ayi. Pansi pamakhala ngodya zinayi, koma khoma likafika m'mapewa mwa munthu limayamba kuweramira m'kati mpaka mbali zonse zikakumana pansonga. Yawoyi inatuluka yopendekera kumpoto, chifukwa tsiku lotseka nsonga tinayamba kumwa ntchito isanathe. Anthu anaitcha chipewa cha chidakwa. Idakaimabe mpaka lero, koma kupendeka ndiye n'kopendeka, sindikana.

Mwana wawo woyamba, Felícita, anabadwira m'menemo ndipo anamwaliriranso m'menemo ndi chibayo, mwezi wa Julayi, asanayambe kukwawa. Wachiwiri, Wilber, ndine ndinamunyamula pa ubatizo. Kuyambira pamenepo makolo ake amanditchula kompadre, ine ndimati komadre kwa mayi ake, ndipo mwanayo amanditi padrino. Pakati pa anthu otere sipayenera kudutsa bodza.

Ntchito ya Mama Casilda inali kusoka masiketi, aja otakata amene azimayi athu amavala anayi kapena asanu mophatikiza nyengo yachisanu. Tepi yoyezera sanagulepo. Anali ndi chingwe cha ubweya chimene ankamangapo mfundo: iyi m'chiuno, iyi m'matako, iyi m'munsi mwa bondo. Mzimayi akakoka mimba kuti aoneke wochepa, ankamubaya ndi chala m'nthiti. "Pumani, mayi inu. Siketiyi muzikaivala mukupuma, osati muli m'bokosi." Tsiku la msika ku Taraco katundu wawo ankatha dzuwa lisanafike pamutu. Sanali munthu wofewa. Anandikalipirapo kambirimbiri, kawiri kokha popanda chifukwa. A Serapio anali a mawu ochepa, okonda ng'ombe zawo, ndipo mkazi wawo akayamba kulalata ankangomwetulira n'kupita kukhola. Anthu ena ankati akulamulidwa. Ine ndinkaona kuti chakudya choyamba kupakulidwa chinali chawo tsiku lililonse.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mwezi wa Febuluwale, a Serapio anagwa m'khola akukama. Anadzuka atafa mbali ya kumanja, mwendo ndi dzanja, ndipo pakamwa panangotsala mawu owerengeka. Mwa ng'ombe zisanu ndi imodzi, zinayi zinagulitsidwa poyenda nawo m'zipatala. Ng'ombe zikachepa si mkaka wokha umene umachepa. Kuno kulibe mitengo. Moto wathu ndi ndowe zouma, ndipo ng'ombe ziwiri zimapereka zophikira zokha, osati zootha.

Putuko ndi nyumba yofunda kwa munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse ndipo magazi ake akuthamanga. Kwa munthu wongogona, m'nyumba ya zaka makumi anayi yokhala ndi ming'alu, ndi nkhani ina. Chisanu choyamba cha Meyi chitagwa, a Serapio anayamba kutsokomola. Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono anabwera pa njinga yamoto, anawamvetsera pachifuwa, n'kunena mosabisa kuti chibayo chikawagwira chaka chimenecho mvula sadzaiona.

Wilber amagulitsa matayala mumzinda wa Juliaca ndipo ali ndi nyumba ya njerwa yosanja. Si mwana woipa. Amene amamunena choncho sakumudziwa. Anabwera Lamlungu ndi galimoto yobwereka.

"Amayi, longedzani zovala za bambo. Chipinda chilipo kale, chapamwamba, cha zenera lagalasi."

"Chapamwamba? Munthu wopanda mwendo? Azitsika bwanji, pachingwe ngati ndowa?"

"Atsikirenji? Zonse tiziwapititsira komweko."

"Mwamva, nkhalamba inu? Mwana wanu akufuna akakusanjeni pa alumali ngati tayala."

"Amayi, musaseke. Nyumba iyi inadya kale mlongo wanga. Mukufuna idyenso bambo?"

Mawu amenewo anawalasa Mama Casilda, ndinaona. A Serapio ndiwo anatambasula dzanja lamoyo lija n'kugwira khoma, zala kuzilowetsa pakati pa zidutswa za champa. Anayesa kulankhula, pakamwa n'kupotoka, mpaka linatuluka liwu limodzi: "Muno."

Mama Casilda anawaweramira n'kuwakonza chipewa. "Ndamva. Okutulutsani muno adzakhala onyamula bokosi, osati Wilber ndi galimoto ya eni. Ndanena ine." Ndinalipo, ndinamva ndi makutu anga.

Wilber anapita wokwiya, koma patapita masiku atatu anatumiza pa basi matabwa oyera opepuka, aja amakutira mafiriji atsopano, akuti timate m'makoma. Tinayesa tsiku lathunthu. Thabwa ndi lowongoka, pamene khoma la putuko lilibe malo owongoka okwana pogona mphaka. Ukakanikiza pakati limathyoka, ukalidula tizidutswa mipata imachuluka kuposa matabwa. Pofika madzulo bwalo lonse linali mbuu ndi tinyenyeswa, nkhuku zikujompha.

Kenaka ndinalakwa ine. Ndinati ndine mmisiri, nyumbayi ndinamanga ndine, ndikudziwa kumene mphepo imalowera. Ndinagula pepala la pulasitiki labuluu n'kulikhoma kuzungulira m'kati monse. Timabowo tiwiri timene timasiya pafupi ndi nsonga kuti nyumba izipuma ndinatimata ndi matope. Ndinawauzanso kuti madzulo aziikamo phale la makala a ndowe.

Masiku awiri oyamba munafundadi, ndipo ndinkayenda modzimva. M'mawa wa tsiku lachinayi Mama Casilda anafika pakhomo panga akudzandira, atagwira mutu. Ndinathamanga. Pepala lonse linali thukuta lokhalokha, madzi akudonthera pa mabulangete, champa kuseri kwake chitanyowa n'kuyamba kufewa ngati phala. A Serapio anali atasanza ndipo maso sankatsegula bwino. Tinawakokera panja padzuwa. Utsi wosaoneka wa makala aja ukanawapha onse awiri, ndipo wowapha ndikanakhala ine.

"Kompadre," anatero Mama Casilda atapeza mpweya, "ngati mukufuna ng'ombe zathu ziwirizi, ingonenani. Osachita kutiphika."

Ndinakwera n'kuboola timabowo tija ndi manja anga, pepala ndinaling'amba lonse.

Nkhani inamupeza Wilber tsiku lomwelo. Anabwera, koma ulendo uno sanakuwe. Anakhala pamwala wa pabwalo, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ine sindifuna kudzakangana nanu pamaliro. Tipangane. Pa San Juan ndibwera. Ndidzaika mbale ya madzi m'nyumbamo madzulo. M'mawa ndikadzapeza madzi, bambo akhala. Ndikadzapeza ataundana, ndikuwanyamula, ndipo inu simudzatsegula pakamwa. Moto m'nyumbamo ayi. Padrino ndiwo mboni."

"Mboni yake yomweyi yofuna kutiphayi?"

"Yomweyo. Kupha angathe, koma kunama sadziwa."

Usiku wa San Juan, chikondwerero chathu cha kumapeto kwa Juni, ndiwo wozizira kuposa onse pachaka, ndipo kunali kutatsala milungu isanu.

Mawa lake ndinawapeza Mama Casilda ataima pabwalo, manja m'chiuno, akuyang'ana nyumba monga ankayang'anira azimayi pamsika.

"Taonani, kompadre. Pansi potakata, pamwamba pothina, mbali imodzi yotsika. Ndawasokerapo angati otere? Amuna inu mwakhala mukuiveka matabwa ndi mapepala. Iyi ikufuna siketi."

"Nyumba ivale siketi? Nanga mvula ikadzagwa?"

"Ya m'kati, kompadre. Kapena simudziwa kuti timavalanso zam'kati? Malemu akazi anu anapirira zambiri."

Ubweya wabwino sakanatha kugula. Anayenda khomo ndi khomo kwa azimayi amene anawasokerapo, kupempha ubweya wa kumimba ndi kumiyendo kwa nkhosa, uja ogula amaukana chifukwa cha ndowe ndi zitsotso. Kuno ukathandiza mnzako lero, iye amadzabweza ndi manja ake tsiku lako likafika, ndipo Mama Casilda anali atavekapo akwati a theka la mudzi. Anasonkhanitsa matumba khumi ndi limodzi. Anauchapa kumtsinje, akuyamba aswa madzi oundana a m'mphepete ndi mwala. Zala zinang'ambika, moti ulusi umene ankasokera unkatuluka wofiira m'malo ena. Ubweya utauma anaupasula ndi zala n'kuusakaniza ndi masamba a muña, amene timaika m'mbatata kuti zisafumbwe, pofuna kuti njenjete zisalowemo. Nsalu yake anatenga matumba akale oluka ndi masiketi otha.

Iwonso analakwa, ndipo sindibisa chifukwa choti ndi komadre. Moyo wawo wonse ankayeza munthu kunja. Ndiye anatenga chingwe chawo cha mfundo n'kuzungulira nyumba kunja, ine nditakwera pamakwerero kugwirira kunsonga, osaganiza kanthu. Anagawa nyumba m'zigawo khumi ndi zinayi, chilichonse chotakata pansi chosongoka pamwamba, popanda ziwiri zofanana chifukwa cha kupendeka kuja. Anasoka zisanu ndi chimodzi, kuzidzaza ubweya wokhuthala zala zinayi, n'kuzisokerera mizeremizere kuti ubweyawo usatsikire pansi. Zinawatengera masiku asanu ndi anayi. Titazilowetsa, sizinakwane. Khoma la champa ndi lokhuthala pafupifupi mkono, ndiye zonse zinali zazikulu kwambiri. Komanso mbali yaitali imene inayenera kupita kumanja inagwera kumanzere, pakuti chimene chili kumanja kwako ukaima panja chimakhala kumanzere ukalowa n'kutembenuka.

Anakhala pansi, nsalu zili pamiyendo. A Serapio pabedi paja anayamba kugwedezeka, ife n'kuda nkhawa kuti matenda abwerera. Ayi, ankaseka. Kanali koyamba chigwereni.

"Sekani, nkhalamba inu. Mukanamanga yowongoka bwenzi nditamaliza kale."

Anatenga lumo n'kuyamba kuphwasula misoko nthawi yomweyo.

Ulendo wachiwiri anayeza ali m'kati, atakwera patebulo. Kunatsala milungu itatu yosakwana, ndipo yekha munthu sakanatha. Azimayi atatu ankabwera masana akatha kukama, aliyense ndi singano yake. Ankakhala kuseri kwa khola kobisika mphepo, akutafuna masamba a koka ochotsa kutopa, a Serapio atawakhazika padzuwa pakati pawo. Wamkulu mwa iwo anali Mama Eulogia, woyandikana nawo nyumba, amene pakamwa pake ndi pofanana ndi pawo.

"Casilda, siketi iyi ndiye ya m'chiuno mwako ndithu. Taona kukula kwake."

"Ndinayezera pa iwe, ndinangochepetsako pang'ono."

"Nanga a Serapio akuti bwanji, azimayi anayi kuwazungulira chonchi? Chikwatireni sanazionepo zotere."

"Asiye, lero ndi tsiku lawo. Ndipo soka molimba, misoko yakoyo mungadutse mbewa ndi ana ake."

Ntchito yanga inali ya zopachikira. Msomali sugwira m'champa. Umachita dzimbiri n'kusololoka. Makolo ankakhoma mafupa a miyendo ya nkhosa m'khoma popachika zingwe ndi zipewa, ndiye ndinazungulira mudzi kutola mafupa, kulimbirana ndi agalu. Ndinasongola oposa makumi asanu.

Pokhoma tinakangana. Ine ndinkafuna nsalu igunde khoma kuti pasatsale podutsa mphepo. Iwo ankafuna mafupa atulukire, pakati pa khoma ndi nsalu patsale mpata wolowa dzanja.

"Mumpatamo ndimo mudzadzaze chisanu," ndinatero.

"Munavalapo siketi kangati, kompadre?"

"Sindinavalepo."

"Ndiye tamverani amene wavala zaka makumi asanu ndi limodzi. Yothina siifunda. Chimene chimafunda ndi mpweya wokhala pakati pa iyi ndi inzake. Komanso khoma lanulo likufuna kupuma. Kapena mwaiwala phala lija?"

Ndinakhoma monga ananenera.

Chimene sindikanachiganiza ine ndi cha pamwamba. Putuko ndi yaitali pakati, anthu awiri ndi theka atasanjikizana, ndipo kutentha konse kumathawira kunsonga kumene sikugona munthu. Mama Casilda sanakweze nsalu mpaka kumeneko. Pamene pamalekezera dzanja la munthu ataliimika, anasonkhanitsa nsonga za zigawo zonse n'kupisamo chingwe, ngati m'chiuno mwa siketi. Masana ankamasula, pakamwa pake n'kutseguka kuti chinyezi chikwere chikatulukire pa timabowo tija. Madzulo ankakoka chingwe, n'kutsala kabowo kolowa nkhonya. M'kati mwa nyumba yaitali munakhala kanyumba kena kafupi.

Pansi tinayala udzu wouma wambiri, pamwamba pake mphasa za bango, kenaka zikopa. Za moto anasunga pangano. Anatola miyala yakuda isanu ndi umodzi kumtsinje, n'kumaikwirira m'phulusa la kukhitchini pophika chakudya chamadzulo. Akatha kudya ankaiika mumphika wadothi n'kuulowetsa pansi pa bedi. Ndowe zake zinali zomwe zophikira zija, osaonjezapo ngakhale imodzi.

Chigawo chomaliza tinapachika kutatsala masiku awiri.

Wilber anafika masana a tsiku lake ndi mbale yachitsulo. Analowa n'kuyang'ana kuzungulira: apa thumba la mbatata, apa siketi yofiira imene mayi ake anavala pa ubatizo wake, apo yobiriwira ya mayi wina amene anamwalira kalekale.

"Amayi, mwawaika bambo m'kati mwa siketi?"

"Nanga iwe unatuluka kuti?"

Wilber anaika mbale yake patebulo.

Ine ndinabweretsa mbale yachiwiri yofanana nayo kuti ikhale panja. Kupanda kutero munthu akanadzanena kuti chaka chimenecho sikunazizire. Dzuwa likulowa, anthu akuyatsa moto wa San Juan pafupi ndi makola awo, tinathira madzi a mumtsuko umodzi m'mbale zonse ziwiri. Mama Casilda anatenga ya m'nyumba n'kuikankhira ndi phazi pansi pa bedi, pafupi ndi mphika wa miyala. Ndinawerama n'kuitulutsa, n'kukaiika pansi pafupi ndi chitseko.

"Kompadre, mwapenga? Pamenepo ndiye pozizira kwambiri m'nyumba muno!"

"N'chifukwa chake."

"Kodi muli mbali ya ndani inu?"

"Mwanayu anati ndine mboni. Madzi akapulumuka chifukwa cha miyala, tidzakhala tanamiza iye. Koma chifuwa cha a Serapio sitingachinamize."

Ananditchula mayina amene sindilemba pano. Wilber anafuna kugona momwemo, ndinamukaniza, pakuti thupi lachitatu ndi moto wina. Anakagona kwanga.

Tinabwerera kutangocha. Udzu unkathyoka kumapazi ngati magalasi. Mbale yapanja Wilber anaitembenuza, madzi n'kugwa pansi athunthu ngati tchizi, osasweka. Tinagogoda. Mama Casilda anatsegula atavala kale chipewa, ndipo sindikhulupirira kuti anagonako.

M'katimo munkanunkha nkhosa ndi muña. Ndinanyamula mbale n'kupita nayo pakhomo powala. Anali madzi, ankagwedezeka. Koma m'mphepete, mbali imene inayang'ana kuchitseko, munali kamzere koundana, kopyapyala ngati chikhadabo, kotalika ngati chala.

Mama Casilda anakaona. Anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa chimene ankapempha. Chala changa chachikulu chinali pomwepo. Kungokhudza kokha kukanakasungunula. Zaka makumi anayi anali asanandipemphepo kanthu ndi maso. Chala sindinasunthe.

"Wilber," ndinatero, "pakatipa ndi madzi. M'mphepetemu mwaundana pang'ono. Ona wekha."

Wilber anayang'ana mbale, kenaka anapita kubedi. Bambo ake anali m'tulo, akupuma popanda kamluzu m'chifuwa, ndipo bulangete limodzi anali atalikankhira kumbali ndi mwendo wamoyo, phazi lili pamtunda. Wilber anagwira phazilo. Anapisa dzanja n'kugwiranso la mbali yakufa, limene chigwereni linkakhala lozizira ngati mwala wa kumtsinje. Anakhala atagwira nthawi yaitali. Kenaka anabwera pakhomo, anagwada, n'kuyendetsa chikhatho m'munsi mwa chitseko.

"Mphepo ikulowera apa. Chitsekochi anapachika ndani?"

"Ndine."

"Tsiku lomwe munamwa lija?"

"Mawa lake."

"Ndiye mlandu ndi wanu, padrino, si wa siketi. Mukonze lero ndisanapite."

Anaviika zala m'mbale muja n'kuwaza mayi ake kumaso, monga timachitira pa San Juan. "Ndi madzi awa, amayi. Oundana sawaza munthu."

"Chitsiru," anatero Mama Casilda, akudzipukuta ndi shawelo nthawi yaitali kuposa mmene timadontho tija tinkafunira. "Pita ukakame ng'ombe. Manja ako a matayalawo aiwala."

Chitseko ndinakonza tsiku lomwelo, chikopa cha nkhosa m'munsi ndi m'mbali, ndi chinsalu china cha ubweya cholendewera m'kati. Komadre anatha mwezi osandipatsa moni chifukwa cha chala chija. Sindinapepese ndipo sindidzapepesa. Ndikanasungunula, chitseko chikanakhalabe chikulowetsa mphepo mpaka Ogasiti, ndipo wolipira akanakhala a Serapio.

Chibayo sichinabwere chaka chimenecho. Anatsokomolako mu Julayi, masiku atatu, kenaka kunatha. Chaka chilichonse mvula ikasiya, Mama Casilda ankatsitsa zigawo zonse, kuziyanika, kuzimenya ndi ndodo, n'kuikamo muña watsopano. Chimodzi mbewa zinadya, anasoka china, ndipo Mama Eulogia akukanabe kuti sichinali chosoka iwo. Ng'ombe ziwiri zija zinakwanira. Mulu wa ndowe sunathepo mvula isanabwere. Nyumba zina zitatu m'mudzi muno zavekedwa chimodzimodzi, ndipo eni ake onse anayezera m'kati, chifukwa nkhani ya chingwe chija inamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Wilber ankabwera mwezi uliwonse ndi shuga ndi mankhwala, ndipo asanapereke moni ankayamba wagwada kuyesa chitseko changa.

A Serapio anakhala m'nyumbamo nyengo zachisanu zinayi. Anamwalira mu Novembala, masana, mbatata zitangoyamba kumera. Wilber analipo, anali atabwera dzulo lake. Mama Casilda anamasula chingwe cha pamwamba mpaka mapeto, kenaka anatuma munthu kudzanditenga. Khomo la putuko ndi laling'ono, ndiye bokosi linalowa chopendeka n'kutulukanso chopendeka. Tinanyamula anayi, ine kutsogolo kumanja, Wilber kumanzere. Titangofika pabwalo anatiimitsa, anaika dzanja lawo pabokosi, n'kulankhula ndi mawu awo omwe aja a pamsika:

"Mwaona, nkhalamba inu? Onyamula bokosi, monga ndinakuuzirani. Wilber alipo, koma galimoto palibe."